Phukusi la pulogalamu: kodi mafayilo a deta amalongedzedwa bwanji, ndipo amawasamala ndani?

Pa 19 July 2024, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anazima mwadzidzidzi n'kumakanika kuyakanso bwinobwino. Ndege zambiri sizinanyamuke, zipatala zina zinaimitsa kaye maopaleshoni osafulumira, ndipo m'mabanki ena ntchito inaima. Poyamba anthu ankaganiza kuti ndi akuba a pa intaneti. Koma kampani ya CrowdStrike, mwini wake wa pulogalamu yoteteza makompyuta imene inali pakati pa nkhaniyi, itafotokoza chimene chinatsitsa dzaye, ambiri anangozunguzika nazo mutu. Pulogalamuyo sinasinthidwe tsiku limenelo. Chimene chinatumizidwa ndi kafayilo kotchedwa Channel File 291, kouza pulogalamuyo zizindikiro zatsopano zoti izilondalonda. Mankhwala ake analinso odabwitsa: kuyatsa kompyuta iliyonse mwanjira yapadera, kupeza kafayiloko, n'kukafufuta.

Nanga fayilo imene si pulogalamu ingagwetse bwanji kompyuta? Ndipo n'chifukwa chiyani inayenda payokha, osadikira pulogalamu yake? Mayankho ali m'ntchito ina imene sikambidwa kawirikawiri, ngakhale pakati pa olemba mapulogalamu enieniwo, ntchito yolongedza mafayilo a deta.

Khodi ndi deta

Pulogalamu iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi khodi, kutanthauza malamulo ouza kompyuta zochita: werenga ichi, yerekezera ndi icho, ukapeza chakuti chita chakuti. Yachiwiri ndi deta, zinthu zimene khodiyo imawerenga kuti igwire ntchito. Pano sitikunena za zithunzi zanu kapena makalata amene mwalemba nokha. Tikunena za zimene pulogalamu imabwera nazo kuchokera kwa oipanga: mndandanda wa mawu umene pulogalamu yolembera imayang'anamo isanakuuzeni kuti mwalakwitsa kalembedwe, maonekedwe a zilembo, tizithunzi ta pa mabatani, mawu omasuliridwa m'zinenero zosiyanasiyana, mayina a mayiko, ndiponso malamulo a nthawi ya dera lililonse.

Taganizirani dalaivala ndi mapu ake. Dalaivala ndiye khodi, mapu ndiwo deta. Mlatho ukakokoloka usiku, luso la dalaivala limakhala lomwelo, koma mapu aja amakhala akalamba pofika m'mawa. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Deta imakalamba pa liwiro lake, losiyana ndi la khodi, chifukwa imafotokoza za dziko limene silifunsa wolemba pulogalamu lisanasinthe.

Chitsanzo chakale chodziwika bwino ndi masewera a pakompyuta a Doom, amene kampani ya id Software inatulutsa mu December 1993. Khodi inali payokha, pamene zithunzi, mawu ndi mapu a malo omenyerana nkhondo zinali mu fayilo ina ya mtundu wa WAD. Chifukwa cha kulekanitsako, anthu wamba anayamba kupanga mapu awoawo osakhudza khodi. Mu 1997 kampaniyo inatulutsa khodi ya masewerawo kuti aliyense aione, koma fayilo ya WAD inakhalabe katundu wogulitsa. Mpaka pano munthu angapeze khodiyo kwaulere, koma popanda deta alibe choti asewere, n'chifukwa chake ena anayambitsa ntchito ya Freedoom yopanga deta ina yaulere yolowa m'malo mwake.

Phukusi ndi laibulale

Phukusi ndi fayilo imodzi yomangidwa, imene mkati mwake muli mafayilo ambiri pamodzi ndi kalata yofotokoza dzina la pulogalamu, nambala ya mtundu wake, maphukusi ena amene imadalira, ndi malo amene chilichonse chiyenera kukaikidwa. Laibulale, m'kalankhulidwe ka olemba mapulogalamu, si nyumba ya mabuku ayi. Ndi khodi yokonzedwa kale imene mapulogalamu ena amabwereka m'malo molemba yawo. Laibulale nayonso imayenda m'phukusi, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi deta yake.

Debian, mtundu wina wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Windows) umene unayamba mu 1993, ili ndi maphukusi a deb. Red Hat, mtundu winanso wa Linux, ili ndi RPM. Pa zinenero zolembera mapulogalamu, Java inabweretsa JAR mu 1997, Python ili ndi wheel. Mafoni a Android amalandira APK. Mayina ndi ambiri, koma JAR, wheel ndi APK zonsezi kunsi kwake ndi ZIP wamba, fayilo yopanikizidwa yonyamula mafayilo ambiri. Mutasintha dzina la APK kuti lithere ndi .zip, mungathe kuitsegula n'kuona zimene zili mkatimo.

Zili ngati katoni yotumizidwa kutali, yokhala ndi pepala la katundu. Wolongedza amaika zokhazo zimene zalembedwa papepalapo. Vuto ndi lakuti zida zolongedzera zimazindikira khodi mosavuta, koma deta kawirikawiri zimafuna kuti munthu aitchule. Ku Python amaitchula kudzera mu package_data kapena mu fayilo ya MANIFEST.in, ndipo ku npm, nkhokwe ya maphukusi a chinenero cha JavaScript, wolemba akasankha kulemba mndandanda wa files mu package.json, chimene sanachitchule chimatsala.

Ndinaonapo zimenezi ndi maso. Mnzanga wina analemba kalaibulale kosintha zilembo ziwiri zoimira dziko kukhala dzina lonse la dzikolo. Mayinawo anali mu fayilo ya CSV pafupi ndi khodi. Pa kompyuta yake mayeso onse ankadutsa, chifukwa fayiloyo inali pomwepo m'foda imene ankagwiriramo ntchito. Munthu woyamba kuika kalaibulaleko pa kompyuta ina anangolandira mzere umodzi wofiira wakuti FileNotFoundError. Khodi inafika yonse, mayina a mayiko anatsala. Kuchokera tsiku limenelo sindikhulupirira phukusi limene silinaikidwe pa kompyuta imene sinalionepo, ndipo ndimalangiza aliyense chimodzimodzi.

Malo: fayilo ikhale kuti, ndipo pulogalamu iipeze bwanji?

Pali miyambo iwiri ikuluikulu. Ku Linux, mafayilo amagawidwa potengera mtundu wake. Dongosolo limeneli linalembedwa koyamba mu 1994, ndipo masiku ano limadziwika kuti Filesystem Hierarchy Standard, imene mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu 2015. Mapulogalamu amapita ku /usr/bin, malaibulale ku /usr/lib, zokonda za woyang'anira kompyuta ku /etc, zosinthasintha ku /var, ndipo deta yongowerengedwa imapita ku /usr/share. Dzina lakuti share likukumbutsa za nthawi imene malo osungira zinthu anali odula. Khodi yokonzedwera purosesa (ubongo wa kompyuta) ya mtundu wina sigwira ntchito pa purosesa ya mtundu winanso, koma mndandanda wa mawu ndi womwewo kulikonse, choncho makompyuta osiyanasiyana ankatha kugawana foda imodzi.

Nzeru yomweyi ikugwirabe ntchito m'maphukusi. Debian imamanga pulogalamu iliyonse kangapo, kamodzi pa mtundu uliwonse wa purosesa, monga amd64 ndi arm64. Pulogalamu ikakhala ndi deta yambiri, detayo amaipatula n'kuiika m'phukusi lakelake, limene dzina lake limathera ndi -data kapena -common, n'kulilemba kuti Architecture: all. Ku RPM mawu ake ndi noarch. Motero deta imasungidwa kamodzi kokha.

Mwambo wachiwiri umasonkhanitsa zonse za pulogalamu imodzi pamalo amodzi. Pa makompyuta a Apple, chimene mumaona ngati kachizindikiro kamodzi ndi foda yathunthu, ndipo deta imakhala mkati mwake, mu Contents/Resources. Njirayi inachokera ku NeXTSTEP. APK nayo ili ndi mafoda a res ndi assets. Mwambo woyamba uli ngati fakitale yokhala ndi nkhokwe imodzi ya zida zonse, pamene wachiwiri uli ngati mmisiri aliyense kuyenda ndi bokosi lake.

Kuipeza fayilo n'kovuta kuposa mmene munthu angaganizire. Njira yapafupi ndi kulemba adiresi yake yonse mu khodi, koma pulogalamuyo ikaikidwa kwina adiresiyo imakhala yabodza. Njira ina ndi kuuza khodi kuti iyang'ane pafupi ndi pamene yakhala iyoyo, zimene olemba Python ambiri amachita ndi __file__. Izi zimayenda mpaka tsiku limene laibulale yonse yatsekeredwa mu ZIP, mmene mulibe foda yeniyeni yoti n'kutsegula. N'chifukwa chake zinenero zambiri zili ndi khomo lapadera lopemphera deta. Java ili ndi getResourceAsStream, R ili ndi system.file, ndipo Python inawonjezera importlib.resources mu mtundu wa 3.7, mu 2018. M'malo molowa nokha m'nkhokwe n'kumafufuza pashelefu imene munazolowera, mumapatsa woyang'anira nkhokwe dzina la chinthu, iye n'kukubweretserani kulikonse kumene chili.

Lamulo limodzi limene miyambo yonse iwiri imagwirizana ndi lakuti deta ya m'phukusi ndi yongowerenga. Pulogalamu ikafuna kulemba zake, ilembe m'foda ya woigwiritsa ntchito, monga ~/.local/share kapena ~/.cache, chifukwa phukusi latsopano likabwera limafufuta zakale.

Kumatirira deta mu khodi

Ena amathetsa vuto lofufuza fayilo poichotseratu. Pomanga pulogalamu, deta imalowetsedwa mkati mwa fayilo ya pulogalamuyo, ngati malangizo osindikizidwa pa chida chenichenicho m'malo mwa kapepala kotha kutayika. Olemba C akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri posandutsa fayilo kukhala mndandanda wa manambala. Rust ili ndi include_bytes, Go inawonjezera embed mu mtundu wa 1.16, mu February 2021, ndipo C23, mtundu watsopano wa C, inabweretsa #embed. Ubwino wake ndi woonekeratu: fayilo ndi imodzi, palibe chotsala m'mbuyo. Kuipa kwake n'kwakuti posintha ngakhale mzere umodzi wa deta, pulogalamu yonse iyenera kumangidwanso n'kutumizidwanso, ndipo woyang'anira kompyuta sangadziwe mosavuta kuti mkatimo muli deta ya chaka chiti.

Kope limodzi la onse, kapena aliyense lake?

Apa ndi pamene akatswiri amasiyana maganizo kwambiri, ndipo chitsanzo chabwino ndi nthawi.

Foni yanu imadziwa kuti ku Tokyo ndi nthawi yanji chifukwa cha nkhokwe ya deta yotchedwa tz, kapena zoneinfo. Anaiyambitsa ndi Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, ndipo kwa nthawi yaitali wakhala akuiyang'anira ndi Paul Eggert. Kuyambira mu 2011 imasungidwa ndi bungwe la IANA, loyang'anira mayina ndi manambala a pa intaneti. Dera lililonse lili ndi dzina lake, monga Europe/London, Asia/Tokyo kapena Pacific/Apia, ndipo pansi pa dzinalo pali mbiri yonse ya mmene mawotchi a kumeneko akhala akusinthira. Mitundu yake imatchulidwa ndi chaka ndi chilembo, monga 2024a ndi 2024b.

Nthawi ya dziko saikhazikitsa ndi masamu, amaikhazikitsa ndi boma. Samoa inadumpha tsiku lathunthu, Lachisanu pa 30 December 2011, kuti masiku ake azifanana ndi a Australia ndi New Zealand, mayiko amene imachita nawo malonda kwambiri. Mu March 2023 boma la Lebanon linalengeza kutangotsala masiku ochepa kuti kusintha mawotchi kwa nyengo yotentha kuchedwetsedwa, kenako patapita masiku angapo linabweza ganizolo. Osamala nkhokwe ya tz anatulutsa 2023a, 2023b ndi 2023c mkati mwa mlungu umodzi. Pa masiku amenewo mafoni awiri pa tebulo limodzi ankatha kusiyana ndi ola lathunthu, ndipo panalibe khodi yolakwika mwa iliyonse. Imodzi inali ndi deta ya dzulo, ina ya lero.

Tsono funso ndi ili: pulogalamu iziwerenga kope la nkhokweyi limene lili kale pa kompyuta, ku /usr/share/zoneinfo, kapena izibwera ndi kope lake?

A mbali yoyamba amati kope likhale limodzi. Boma likasintha nthawi, mumasintha phukusi limodzi la tzdata, mapulogalamu onse n'kukhala olondola nthawi imodzi. Ndi ngati kalendala imodzi yopachikidwa pakhonde la ofesi, m'malo moti chipinda chilichonse chikhale ndi yake ndipo ena aiwale kutembenuza tsamba. Malamulo a Debian amaletsa maphukusi kugwiritsa ntchito makope obisika a khodi ya ena pa chifukwa chomwechi, ndipo olongedza ake amachitanso chimodzimodzi ndi deta yotere: akapeza kope mkati mwa laibulale, kawirikawiri amalichotsa n'kuilozera ku kope la onse.

A mbali yachiwiri amati phukusi la moyo umasunga wekha. Wolemba laibulale sadziwa kompyuta imene ntchito yake ikafikeko. Windows imasunga malamulo a nthawi mwanjira yake, ndipo foda ya zoneinfo kulibeko. Makontena a Docker, amene amanyamula pulogalamu pamodzi ndi zonse zofunika kuti iyende, akachepetsedwa kwambiri nthawi zina amabwera opanda tzdata. Kompyuta ina ili nalo kope, koma la zaka zisanu zapitazo. Ukanyamula kope lako, umadziwa kuti chimene unayesa ndi chimene munthu akugwiritsa ntchito, ndipo zotsatira zimafanana paliponse. Java imayenda ndi kope lake. Go imalola wolemba kumatirira nkhokwe yonse mu pulogalamu, zimene zimaikulitsa ndi pafupifupi 450 KB.

Onsewa akunena zoona, ndipo aliyense akuopa ngozi yosiyana ndi ya mnzake. Python inayesa kudutsa pakati. Gawo lake la zoneinfo, limene linabwera ndi mtundu wa 3.9 mu 2020, limayamba layang'ana kope la pa kompyuta, ndipo likalisowa limatembenukira ku phukusi la tzdata lochokera ku PyPI, nkhokwe ya pa intaneti ya maphukusi a Python. Kwa ine njirayi ndi yanzeru, ngakhale ili ndi mtengo wake: nthawi ikalakwika, muyenera kuyamba mwafufuza kuti pulogalamu inawerenga kope liti.

Mkangano womwewu umafika poopsa pa nkhani ya masatifiketi. Mukatsegula webusaiti ya banki, kompyuta imafuna umboni woti webusaitiyo ndi yeniyeni. Umboniwo ndi satifiketi yosainidwa ndi bungwe lodalirika, ndipo mndandanda wa mabungwe odalirikawo ndi fayilo ya deta. Mozilla, bungwe lopanga Firefox, imasamala mndandanda umodzi wotchuka, umene Debian imaulongedza ngati ca-certificates, ndipo ku Python umapezeka m'phukusi la certifi. Mu 2011 akuba atalowa m'makompyuta a DigiNotar, bungwe la ku Netherlands lopereka masatifiketi, dzina lake linachotsedwa m'mindandanda. Kope lililonse limene silinasinthidwe linapitiriza kulikhulupirira. Pa 30 September 2021 zinachitika mosiyana: satifiketi yakale yotchedwa DST Root CA X3 inatha ntchito, ndipo zipangizo zakale zambiri zinayamba kukana mawebusaiti abwinobwino.

Deta ikakula kuposa phukusi

Nthawi zina deta imalemera kuposa khodi maulendo ambirimbiri. Laibulale ya ICU, imene imathandiza mapulogalamu kulemba madeti, manambala ndi ndondomeko ya zilembo molingana ndi chinenero chilichonse, ili ndi fayilo ya deta ya pafupifupi 30 MB. Node.js, pulogalamu yoyendetsa khodi ya JavaScript, kwa zaka zingapo inkangonyamula ya Chingelezi yokha kuti ipepuke, mpaka mtundu wa 13, mu 2019, pamene inayamba kunyamula yonse. Nkhokwe za maphukusi nazo zili ndi malire. PyPI imalola fayilo yosapitirira 100 MB pokhapokha mutapempha mwapadera, ndipo CRAN, nkhokwe ya maphukusi a R, imafuna kuti deta isamapitirire 5 MB.

Njira yotulukira ndi kusiya deta pa seva, pulogalamu n'kumapanga dawunilodi ikaifuna. NLTK, laibulale yosanthula zinenero, imatero. PROJ, imene imawerengetsa malo pa mapu, kuyambira mtundu wa 7 mu 2020 imatha kukatenga pa intaneti kachigawo kokhako ka deta kokhudza dera limene mukugwirapo ntchito. Zili ngati kugula makina n'kupatsidwa kalata yokatengera zida zina kunkhokwe tsiku limene mudzazifune.

Koma paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kompyuta ingakhale yopanda intaneti, seva ingatsekedwe, kapena mwini deta angasinthe malamulo. Pa 30 December 2019 kampani ya MaxMind inayamba kufuna akaunti ndi kiyi munthu asanatenge GeoLite2, deta yosonyeza dera limene adiresi ya pa intaneti ikuchokera. Inatero potsatira malamulo atsopano oteteza zinsinsi za anthu, makamaka lamulo la ku California. Mapulogalamu amene ankangotenga fayiloyo mwakachetechete anayamba kulephera. Palinso funso loti mukudziwa bwanji kuti fayilo imene yafika ndi imene wolemba anayesa. Yankho lofala ndi kusunga chidindo cha masamu, monga SHA-256, mkati mwa khodi. Kadontho kamodzi kakasintha mu fayilo, chidindocho sichigwirizana ndipo pulogalamu imaikana.

Laisensi: mwini deta ndani?

Laisensi ndi chilolezo cholembedwa chonena zimene mungachite ndi ntchito ya wina. Anthu ambiri amaiyang'ana pa khodi n'kuiwala kuti deta ili ndi yakeyake, ngati munthu wogula nyumba osafunsa za chikalata cha malo amene yamangidwapo.

Mu March 2021 kalaibulale ka chinenero cha Ruby kotchedwa mimemagic kanapezeka kuti kali ndi fayilo yochokera ku shared-mime-info, mndandanda wothandiza kuzindikira mitundu ya mafayilo. Kalaibulaleko kankagawidwa pansi pa laisensi ya MIT, pamene fayiloyo inali pansi pa GPL, imene ili ndi zofuna zina. Wokasamala atauzidwa, anachotsa mitundu yakale pa nkhokwe ya maphukusi. Tsoka lake, Ruby on Rails, chida chotchuka chopangira mawebusaiti, inkadalira kalaibulaleko kudzera mu laibulale ina yotchedwa Marcel, ndiye anthu padziko lonse anapezeka kuti sangathe kuika mapulogalamu awo. Patapita masiku ochepa Marcel inatuluka yatsopano, yogwiritsa ntchito deta ya Apache Tika.

Malamulo a mayiko nawo sagwirizana. Ku United States, khoti lalikulu linagamula mu 1991, pa mlandu wa Feist wokhudza buku la manambala a foni, kuti mfundo zenizeni pazokha sizikhala ndi mwini. European Union inakhazikitsa mu 1996 ufulu wapadera woteteza amene wawononga chuma ndi nthawi posonkhanitsa nkhokwe ya deta. Ngakhale nkhokwe ya tz inakhudzidwapo. Mu 2011 kampani ya Astrolabe inasumira Olson ndi Eggert ponena kuti anatenga mbiri ya nthawi m'mabuku ake, ndipo seva yogawira nkhokweyo inatsekedwa kwa kanthawi. Mlanduwo unathetsedwa mu February 2012.

Kodi deta ndi yosaopsa?

Pali chizolowezi choona khodi ngati chinthu chofunika kuunikidwa mosamala, deta n'kumangoidutsitsa. Nkhani ya CrowdStrike inaonetsa kufooka kwa chizolowezi chimenechi. Malinga ndi lipoti la kampaniyo, dongosolo la mafayilo amenewa linkayembekezera zinthu 21, koma khodi inkapereka 20 zokha. Kusiyanaku kunakhala kobisika kwa miyezi ingapo, mpaka fayilo ya pa 19 July itafuna chinthu cha nambala 21. Pulogalamu inawerenga malo a memore amene sinayenera kufikako, ndipo poti imagwira ntchito mkatikati mwa Windows, kompyuta yonse inagwa nayo. Cholakwika chinali mu khodi, koma chinadzutsidwa ndi deta. Ndipo detayo inafika paliponse nthawi imodzi, chifukwa inapangidwa kuti iziyenda mofulumira pothamangitsana ndi akuba, zimene ndi cholinga chomveka.

Deta ingakhalenso pobisalira. Mu March 2024 Andres Freund anaona kuti kulowa mu kompyuta ina kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi mu xz, laibulale yopanikizira mafayilo, mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Khodi yoipayo inabisidwa m'mafayilo ooneka ngati deta yoyesera, amene munthu sangawawerenge ndi maso, ndipo kachidutswa koyambitsa ntchito yowatulutsa kanali m'phukusi logawidwa lokha, osati m'nkhokwe ya khodi imene anthu amaunika. Katoni inalembedwa kuti muli zitsanzo, alonda n'kuidutsitsa osatsegula.

Mafayilo ena amaoneka ngati deta koma amatha kuyendetsa malamulo akangotsegulidwa. Mtundu wa pickle wa Python ndi wotero, ndipo kwa nthawi yaitali wakhala ukugwiritsidwa ntchito pogawa mamodelo a AI. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kampani ya Hugging Face inapangira safetensors, mtundu wosunga manambala okhaokha.

Mafunso amene adakalipo

Mamodelo a AI abweretsa funso limene silinayankhidwe mokhutiritsa onse. Modelo ndi fayilo ya manambala mamiliyoni kapena mabiliyoni, yoikidwa m'phukusi ngati deta, koma ndi imene imalamula zimene pulogalamu ichite. Kodi ndi deta kapena khodi? Ngati pulogalamu yaufulu iyenera kubwera ndi gwero lake kuti ena athe kuisintha, gwero la modelo ndi chiyani: manambalawo, kapena zolemba ndi zithunzi zimene inaphunzirirapo? Bungwe la Open Source Initiative linatulutsa tanthauzo lake mu October 2024, lofuna kuti opanga afotokoze mwatsatanetsatane deta yophunzitsira koma osawakakamiza kuigawa yonse. Ena anayamikira kuti n'zotheka kuzitsatira, ena anati zikusiya kunja chinthu chofunika kwambiri.

Palinso nkhani ya liwiro. Deta ya chitetezo ndi ya nthawi ikachedwa, anthu amavutika. Ikathamanga osayesedwa mokwanira, amavutikanso. Kuitumiza pang'onopang'ono, kuyamba ndi makompyuta ochepa, kumachepetsa ngozi yachiwiri koma kumasiya otsalawo pa ngozi yoyamba kwa maola ena. Ndani ayenera kusankha: wopanga pulogalamu, wolongedza, kapena mwini kompyuta?

Makontena ndi njira zonga Flatpak ndi Snap, zimene zimalongedza pulogalamu iliyonse ndi zonse zimene imafuna, zachititsa kuti kompyuta imodzi izikhala ndi makope ambiri a deta yofanana. Zida zolembera mndandanda wa zonse zimene zili m'pulogalamu zimazindikira malaibulale bwino ndithu, koma kope la mndandanda wa masatifiketi lomatiriridwa mkati mwa fayilo ina limazemba mosavuta. Kodi tsiku limene bungwe lina lidzafunike kuchotsedwa pamndandanda mwachangu, woyang'anira makompyuta adzadziwa bwanji kuti makope onse wawapeza?

Ndipo nkhokwe zambiri zimene tatchulazi zimasamalidwa ndi timagulu tating'ono, nthawi zina anthu ongodzipereka amene amawerenga zilengezo za maboma ndi malipoti ochokera kwa anthu wamba kuti adziwe ngati wotchi ya dziko lina isinthe mawa. Makampani amene zipangizo zawo mabiliyoni zimadalira ntchito imeneyi ayenera kuperekapo chiyani, ndipo akayamba kupereka, adzakhala ndi mphamvu zochuluka bwanji pa zimene zilembedwe mu fayiloyo?